Mawu a Chingerezi onena za fungo: matanthauzo ake ndi kumene adachokera

Mafunso ali pansipa ndi amene ophunzira Chingerezi, aphunzitsi, omasulira mabuku ndiponso ogulitsa mafuta onunkhira amafunsa mobwerezabwereza. Tayamba ndi mafunso okhudza aliyense, kenaka talowa m'mbiri ya liwu limodzilimodzi, ndipo pamene nkhani yafotokozedwa kale m'yankho lina tangolozera kumeneko.

N'chifukwa chiyani Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri onena za fungo?

Chifukwa chake chili m'mbiri ya chiyankhulocho. Chingerezi chakale, chimene chinkayankhulidwa ku England kuyambira cha m'ma 450 kufikira cha m'ma 1100, chidali chapachibale ndi Chijeremani ndi Chidatchi, ndipo mawu monga *stink*, *stench* ndi *reek* ndi a nthawi imeneyo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 mafumu, oweruza milandu ndi eni chuma ankayankhula Chifalansa, pamene Chingerezi chidatsalira m'kamwa mwa alimi ndi antchito. Pakhomo limeneli ndi pamene padalowera *odour*, *scent* ndi *flavour*, ndipo patapita nthawi *perfume* ndi *bouquet* adatsatira. Chilatini ndi Chigiriki, ziyankhulo za tchalitchi, za madokotala ndi za asayansi, zidapereka *fragrant*, *aroma* ndi *olfactory*, pamene mawu a Aarabu ndi Aperisiya, monga *amber*, *musk* ndi *attar*, adafika pamodzi ndi katundu amene amalonda ankanyamula.

Mawu amenewa sadagawane ntchito mofanana. Ambiri mwa obwera adakhala a zinthu zonunkhira, za kunyumba ya mfumu ndi za kuguwa, ndipo eni nthaka adakankhidwira ku zonunkha. Apa Chichewa chimachita zinthu mwachidule kwambiri, pakuti pa tsinde limodzi timapeza kununkha, kununkhira ndi kununkhiza, ndipo womva sasokonezeka. Kusiyana kumene ife timakuonetsa posintha mathero a mneni, Mngerezi amakuonetsa posankha pakati pa mawu ochokera m'ziyankhulo zinayi kapena zisanu.

Kodi liwu lofanana kwenikweni ndi lathu lakuti fungo ndi liti?

Ndi *smell*. Liwuli silipezeka m'zolemba za Chingerezi chakale, koma limayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo olemba mabuku otanthauzira mawu amaliyerekeza ndi mawu a Chidatchi ndi a kumpoto kwa Germany onena za moto umene ukunyeka pang'onopang'ono nkumafuka utsi. Likakhala dzina lingathe kupita mbali iliyonse, monga momwe timanenera kuti fungo lokoma kapena fungo loipa.

Likakhala mneni m'pamene pali msampha umene wagwira ophunzira ambiri. Wonena kuti *I smell smoke* akutanthauza kuti akumva fungo la utsi, ndipo wonena kuti *you smell nice* akuyamikira mnzake kuti akununkhira. Koma wongonena kuti *you smell* nkulekera pomwepo wamuuza mnzakeyo kuti akununkha, ndipo chimenechi ndi chipongwe. Momwemonso *smelly* nthawi zonse amatanthauza chinthu chonunkha, ndipo sangagwiritsidwe ntchito ponena za maluwa kapena ndiwo zophikidwa bwino. Tikuona tsono kuti *smell* nayenso wayamba kupendekera ku mbali yoipa, njira yomwe *stink* adadutsa kalekale, monga yankho lotsatirali likufotokozera.

Kodi ndi zoona kuti *stink* kale silinkatanthauza kununkha?

Ndi zoona. Mneni wa Chingerezi chakale *stincan* ankatanthauza kutulutsa fungo la mtundu uliwonse, kotero kuti mlembi ankatha kulemba kuti *swote stincan*, ndiye kuti kununkhira mokoma, popanda wowerenga kudabwa. Dzina lake lidali *stenc*, limene lero ndi *stench*, ndipo ubale wa mawu awiriwa uli ngati wa *drink* ndi *drench*. Pofika m'zaka za m'ma 1200 tanthauzo loipa lidali litapambana, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwenso mawu a Chifalansa ankachuluka m'Chingerezi. Lero *stench* ndi liwu lolemera kwambiri, loyenera nyama yovunda kapena chimbudzi chodzadza, ndipo womasulira angachite bwino kuliika kuti chifungo.

Nanga *reek* akusiyana bwanji ndi *stink*?

Pa tanthauzo la lero akufanana ndithu, kungoti *reek* amakonda kutsatiridwa ndi dzina la chinthu chimene chikumvekacho, monga mowa, fodya kapena thukuta, ndipo amapereka chithunzi cha fungo limene lalowerera m'zovala kapena m'chipinda. Pa chiyambi chake liwuli linkangotanthauza utsi kapena nthunzi, ndipo tanthauzo la kununkha lidakhazikika m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Abale ake adasungabe tanthauzo lakalelo: m'Chijeremani *Rauch* ndi utsi, ndipo dzina la likulu la Iceland, Reykjavík, limatanthauza gombe la utsi chifukwa cha nthunzi ya akasupe amadzi otentha. Anthu a ku Scotland amautcha mzinda wa Edinburgh kuti Auld Reekie, kukumbukira utsi wa malasha umene unkauphimba kale.

Kodi *perfume* adachokera kuti?

Nayenso adachokera ku utsi. Liwuli lidalowa m'Chingerezi cha m'ma 1530 kuchokera ku Chifalansa, chimene chidalitenga ku Chitaliyana, ndipo pansi pake pali mawu awiri a Chilatini: *per*, kudzera mu, ndi *fumare*, kufuka. Anthu akale asanadziwe kusungunula zonunkhira mu mowa wotcheza, njira yodziwika yonunkhiritsira nyumba, zovala kapena kachisi idali kuwotcha utomoni ndi mitengo yonunkhira, ndipo *perfume* woyamba m'Chingerezi adali utsi womwewo, osati madzi a m'botolo. Mawu athu akuti kufukiza ndi zofukiza ali pafupi kwambiri ndi tanthauzo loyambalo kuposa perefyumu amene timagula lero. Ku tsinde lomweli kudachokeranso *fume*, utsi woipa wa galimoto kapena wa mankhwala, ndi *fumigate*, kufukiza mankhwala m'nkhokwe kapena m'nyumba pofuna kupha tizilombo.

N'chinthu chopatsa chidwi kuti *reek* ndi *perfume* onse adayamba ndi utsi, koma wina adathera m'zovala za chidakwa pamene mnzake adathera m'botolo lokwera mtengo. Kusiyana kwake ndi kuja tafotokoza m'yankho loyamba, kwakuti wina adali wa pamudzi ndipo wina adabwera ndi anthu a ku France.

N'chifukwa chiyani *scent* amalembedwa ndi *c* amene satchulidwa?

Chilembo chimenechi n'chongolowetsedwa. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 Angerezi ankalemba *sent*, kutsatira mneni wa Chifalansa *sentir*, wochokera ku Chilatini *sentire*, ndipo onse awiriwa alibe *c*. Alembi a m'zaka za m'ma 1600 ndi amene adayamba kumuikapo, monganso momwe *c* adalowera m'mawu akuti *scythe* ndi *scissors*, ndipo kalembedweko kadakhazikika.

Chofunika kwambiri kuposa chilembocho ndi tanthauzo la *sentire*, lomwe ndi kuzindikira chinthu ndi chiwalo chilichonse cha thupi ngakhalenso ndi mtima. Mchewa sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa mneni wathu wakuti kumva amayenda momwemo: timamva mawu, timamva fungo, timamva kuzizira, timamva kukoma kwa chakudya, timamva chisoni, ndiponso timamva zimene mphunzitsi wafotokoza. Mpaka lero Mfalansa akati *sentir* angatanthauze kumva m'thupi kapena kumva fungo, ndipo Mtaliyana akati *sentire* angatanthauzenso kumva ndi makutu. Choncho *scent* ndi mbale wa *sense*, *sentiment*, *consent* ndi *resent*.

M'Chingerezi liwuli lidayamba ngati la alenje. Linkanena za galu amene akulondola nyama ndi mphuno, ndiponso za fungo limene nyamayo yasiya mu udzu, ndipo tanthauzo limeneli likadalipo. N'chifukwa chake *scent* amapereka chithunzi cha kafungo kopepuka, kotsalira pamene chinthu chadutsa, kaya ndi gwape, duwa kapena munthu wodzola zonunkhira.

Kodi cholondola ndi *odour* kapena *odor*, ndipo ndi fungo labwino kapena loipa?

Onse ndi olondola. *Odour* ndi kalembedwe ka ku Britain, komwe masukulu a ku Malawi ndi ku Zambia amatsatira, ndipo *odor* ndi ka ku America, kamene kadafala kwambiri chifukwa cha buku lotanthauzira mawu limene Noah Webster adatulutsa mu 1828. Dziwani kuti ngakhale ku Britain *u* amagwa m'mawu monga *odorous* ndi *deodorant*.

Liwuli lidalowa cha m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa kuchokera ku Chilatini *odor*, ndipo kwa zaka zambiri linkanena kawirikawiri za kununkhira, makamaka kwa zofukiza ndi nsembe. Lero zinthu zatembenuka. Wasayansi amaligwiritsa ntchito mosakondera mbali, monga ponena kuti mpweya wina ulibe fungo, koma m'zoyankhula za tsiku ndi tsiku *odour* lasanduka liwu laulemu lonenera fungo losakondweretsa, ndipo si liwu loyamikirira nalo wophika.

Banja lake ndi lalikulu. Chilatini chidali ndi mneni *olere*, kutulutsa fungo, kumene kudachokera *olfactory*, liwu la madokotala lonena za mphamvu ya mphuno, ndi *redolent*, lonena za chinthu chodzadza ndi fungo kapena chokumbutsa zakale. M'Chigiriki tsinde lomweli lidabala *ozein* ndi *osme*. Christian Friedrich Schönbein wa ku Basel adatcha mpweya wina kuti *ozone* cha m'ma 1840 chifukwa cha kafungo kake kamene kamamveka magetsi akathetheka, ndipo Smithson Tennant, amene adatulukira chitsulo cha *osmium* mu 1803, adachitcha motero chifukwa cha fungo lobaya la mankhwala ena ochokera m'chitsulocho. Liwu lakuti *anosmia*, kusamva fungo, lidadziwika kwa anthu wamba mu 2020 pamene kudapezeka kuti ndi chizindikiro chimodzi cha Covid-19.

Kodi *fragrant* ndi *flagrant* ndi liwu limodzi?

Ayi, ndipo funso limeneli ndi lofunika kwa ife makamaka, popeza m'Chichewa kusinthanitsa *l* ndi *r* sikusintha tanthauzo la mawu, kotero lilime lathu limatha kuwatchula mofanana. *Fragrant* adachokera ku Chilatini *fragrare*, kutulutsa fungo lamphamvu, ndipo adalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, pamene dzina lake *fragrance* lidafala m'zaka za m'ma 1600. Mwa mawu onse amene tikukambirana, ili ndi limene silinapatukepo ku mbali yoipa, ndipo n'chifukwa chake amalonda amalikonda pa mapaketi a sopo ndi mafuta odzola. *Flagrant* adachokera ku *flagrare*, kuyaka moto, ndipo amanena za cholakwa chochitidwa poyera mopanda manyazi, ngati moto umene aliyense akuuona.

Tisadziimbe mlandu kwambiri, pakuti olankhula Chilatini a m'zaka zam'mbuyo nawonso ankasokoneza zilembo ziwirizi. M'kamwa mwawo *fragrare* adasanduka *flagrare*, ndipo kuchokera pamenepo Chifalansa chidapeza *flairer*, kununkhiza, ndi *flair*, mphuno yakuthwa ya galu wosaka. Mngerezi akanena lero kuti munthu ali ndi *flair* pa malonda kapena pa kusoka zovala akutanthauza luso lobadwa nalo, koma chithunzi chobisika ndi cha galu amene amatulukira nyama ena asanaione. *Flavour* nayenso m'zaka za m'ma 1300 ankatanthauza fungo, ndipo adasamukira ku kakomedwe ka chakudya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600.

Kodi *aroma* ndi wa chakudya chokha?

Kawirikawiri inde: khofi, buledi wotentha, nyama yowotcha ndi zokometsera ndiwo. Izi zikugwirizana ndi chiyambi chake, pakuti m'Chigiriki *aroma* sadali fungo ayi koma chinthu chenichenicho, zitsamba kapena zokometsera zonunkhira. Pa Maliko 16:1, pamene amayi adagula zonunkhira kuti akadzoze mtembo wa Yesu, liwu la Chigiriki ndi *aromata*. Tanthauzo lakuti kununkhira kwa chinthucho lidakhazikika m'Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800.

Ophunzira sayansi ayenera kusamala ndi *aromatic*. M'zaka za m'ma 1850 akatswiri a mankhwala monga August Wilhelm Hofmann adayamba kutcha gulu lina la mankhwala ndi dzina limeneli chifukwa oyamba kudziwika m'gululo adachokera ku utomoni ndi mafuta onunkhira. Lero liwuli m'sayansi limanena za kamangidwe ka mankhwalawo, ndipo ambiri mwa iwo sanunkhira konse. *Aromatherapy* ndi liwu latsopano, limene René-Maurice Gattefossé wa ku France adalifalitsa mu 1937.

Kodi *incense*, *frankincense* ndi lubani wathu zikugwirizana bwanji?

*Incense* ndi zofukiza za mtundu uliwonse, ndipo liwuli lidachokera ku Chilatini *incendere*, kuyatsa moto. Mneni wolembedwa mofanana, wotanthauza kupsetsa munthu mtima kwambiri, ndi wa tsinde lomwelo, ndipo n'zosangalatsa kuti Chichewa nachonso chimaona mkwiyo ngati kupsa. *Frankincense* ndi mawu awiri a Chifalansa chakale, *franc encens*, kutanthauza zofukiza zenizeni, zapamwamba. Chimenechi ndi utomoni wa mitengo ya Boswellia yomera m'madera ouma a Oman, Yemen ndi Somalia, ndipo ndi lubani amene timamudziwa m'tchalitchi ndi m'masitolo.

Dzina lathu lakuti lubani ndi la Chiarabu, *luban*, lochokera ku tsinde lotanthauza kuyera, chifukwa utomoniwo umatuluka mumtengo uli mbee ngati mkaka. Tsinde lomweli lili m'dzina la dziko la Lebanon, lotchedwa motero chifukwa cha mapiri ake oyera. Aswahili amati *ubani*, Agiriki ankati *libanos*.

Chodabwitsa n'chakuti *luban* adalowanso m'Chingerezi, koma mobisala kwambiri. Amalonda Achiarabu ankagulitsa utomoni wina wochokera ku Sumatra umene ankautcha *luban jawi*, lubani wa ku Java. Anthu a kummwera kwa Ulaya atamva dzinali adaganiza kuti *lu* woyambayo ndi kaliwu kawo kotsogolera dzina, ndipo adamudula. Chotsalacho chidasintha pang'onopang'ono mpaka kukhala *benzoin*. Mu 1833 Eilhard Mitscherlich wa ku Germany adapanga madzi ena oyaka msanga kuchokera ku asidi wa utomoni umenewu nkuwatcha *Benzin*, ndipo kumeneko ndi kumene kudachokera *benzene* wa m'mabuku a sayansi ndiponso dzina limene Ajeremani amatchulira petulo mpaka lero. Choncho lubani wofukizidwa paguwa ndi *benzene*, kholo la mankhwala a *aromatic* aja tatchula pamwambapa, ali ndi dzina la gogo mmodzi. Mure, amene Angerezi amalemba *myrrh*, adachokera ku tsinde la Chiarabu ndi ziyankhulo zapachibale nacho lotanthauza kuwawa.

Nanga *musk*, *amber*, *civet* ndi *attar*?

Atatu oyambawa adali zonunkhira zochokera ku nyama. *Musk* adafika kudzera m'Chilatini ndi Chigiriki kuchokera ku Chiperisiya *mushk*, ndipo ndi mafuta a m'kathumba ka pamimba pa mphongo ya kagwape kena ka m'mapiri a Himalaya ndi ku Siberia. Liwuli labisalanso mu *nutmeg*, lomwe tanthauzo lake ndi mtedza wonunkhira ngati *musk*. *Civet* adachokera ku Chiarabu *zabad*, ndipo ndi dzina la nyama ya mawangamawanga yoyenda usiku pamodzi ndi mafuta ochokera pafupi ndi mchira wake, amene dziko la Ethiopia lakhala likugulitsa kwa zaka mazanamazana.

*Amber* ali ndi mbiri yosokonekera. Chiarabu *anbar* chinkanena za chinthu chonga phula chimene chimapangika m'matumbo a mtundu wina wa anangumi ndipo chimapezeka chikuyandama panyanja yamchere. Pambuyo pake dzinali lidapatsidwanso kwa utomoni wouma wachikasu wotoledwa m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, ndipo pofuna kusiyanitsa Afalansa adatcha cha nangumi chija *ambre gris*, ndiye kuti wotuwa, kumene kudachokera *ambergris*. *Attar* ndi mafuta otchezedwa kuchokera ku maluwa, makamaka a rozi, ndipo liwuli ndi la Chiarabu lodzera m'Chiperisiya. Mzinda wa Kannauj ku India ndi wotchuka nawo. Masiku ano *musk* wa m'mabotolo ambiri ndi wopangidwa m'fakitale.

Kodi mawu akuti *cologne* ndi *eau de toilette* olembedwa pa mabotolo amatanthauza chiyani?

*Eau* ndi madzi m'Chifalansa. *Eau de Cologne* ndi madzi a ku Cologne, mzinda wa ku Germany umene eni ake amautcha Köln, kumene Johann Maria Farina, wobadwira ku Italy, adayamba mu 1709 kupanga zonunkhira zopepuka za mafuta a malalanje, mandimu ndi zipatso zina za mtundu umenewo. Dzina la mzindawo lidachokera ku Chilatini *colonia*, mudzi umene Aroma ankakhazikitsa m'dziko lolanda, ndipo tsinde lake ndi *colonus*, mlimi. Ku tsinde limeneli kudachokeranso *colony*, ndipo tingakumbukire kuti liwu lathu lakuti atsamunda nalonso lili ndi munda mkati mwake.

*Eau de toilette* amadodometsa ogula ambiri, koma alibe chochita ndi chimbudzi. *Toile* ndi nsalu, ndipo *toilette* idali kansalu koyala patebulo pamene munthu ankaikapo zipeso, galasi ndi zodzola. Kenaka liwuli lidatanthauza ntchito yonse yosamba ndi kuvala, kenaka chipinda chochitiramo zimenezi, ndipo m'zaka za m'ma 1800 lidasanduka njira yaulemu yotchulira chimbudzi. Botolo lidasunga tanthauzo lapakatilo, la madzi odzikonzera nawo.

Pa malonda mawuwa amasonyeza kuchuluka kwa mafuta onunkhira. Mwachizolowezi *parfum* amakhala ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse, *eau de parfum* 15 mpaka 20, *eau de toilette* 5 mpaka 15, ndipo *eau de Cologne* amakhala pansi pa 5. Manambalawa amasinthasintha malinga ndi kampani, koma ndondomeko yake ndi yomweyo, ndipo ndi imene imachititsa kuti wina akhalitse pathupi tsiku lonse pamene wina wazimirira dzuwa lisanafike pamutu.

Kodi mawu ofotokoza fungo loipa monga *pungent*, *acrid*, *rancid* ndi *putrid* amasiyana bwanji?

Chiyambi cha liwu lililonse chimathandiza kulisankha bwino. *Pungent* adachokera ku *pungere*, kubaya, ndipo ndi fungo lolasa m'mphuno monga la anyezi kapena tsabola. Sikuti nthawi zonse ndi loipa. *Acrid* ndi wa *acer*, chakuthwa, ndipo amayenera utsi wa matayala kapena mapulasitiki oyaka umene umakanda pakhosi. *Rancid* ndi wa mafuta okha, monga batala, mtedza kapena mafuta ophikira amene akhalitsa, ndipo mbale wake ndi *rancour*, chidani chimene chasungidwa mumtima mpaka kusasa. *Putrid* ndi wa chinthu chovunda, makamaka nyama, pamene *fetid* amakonda madzi osayenda ndi mpweya wa m'malo otsekeka. *Musty* ndi *fusty* ndi a chipinda chachinyezi kapena zovala za chuku, ndipo wachiwiriyu adachokera ku liwu la Chifalansa chakale la mgolo wa vinyo. *Noisome* alibe ubale ndi *noise*, koma ndi *annoy*, ndipo amatanthauza chonyansa, osati chaphokoso.

Mawu ena awiri ndi mboni ya chikhulupiriro chakale chakuti fungo loipa limabweretsa matenda. *Miasma* ndi liwu la Chigiriki la chodetsa, ndipo linkanena za mpweya wotuluka m'madambo ndi m'zinthu zowola. *Malaria* ndi Chitaliyana *mala aria*, mpweya woipa, chifukwa anthu okhala pafupi ndi madambo ozungulira Rome ankadwala malungo kwambiri. Dzinali lidatsalabe ngakhale Ronald Ross atasonyeza ku India mu 1897 kuti tizilombo ta malungo timakhala mu udzudzu. Anthu akalewo adaona bwino kuti vuto lili kudambo, koma adaloza mpweya m'malo mwa udzudzu woswana m'madzimo.

Kodi *B.O.* ndi *halitosis* adadziwika bwanji?

Adafalitsidwa ndi otsatsa malonda a ku America. *B.O.* ndi chidule cha *body odour*, fungo la thupi, ndipo zotsatsa sopo wa Lifebuoy m'zaka za m'ma 1930 ndi zimene zidalilowetsa m'nyumba iliyonse. *Halitosis*, kununkha m'kamwa, ndi liwu lophatikiza Chilatini *halitus*, mpweya wopuma, ndi mathero a Chigiriki a mayina a matenda. Lidalipo kale m'mabuku a madokotala, koma opanga mankhwala otsukira m'kamwa a Listerine adalitola m'zaka za m'ma 1920 poona kuti dzina lomveka ngati la kuchipatala limachititsa mantha ndipo limatchulika pagulu popanda manyazi.

Kodi *bouquet* ndi *potpourri* akukhudzana bwanji ndi fungo?

*Bouquet* poyamba adali kankhalango m'Chifalansa, kenaka mpukutu wa maluwa, ndipo odziwa vinyo adalibwereka ponena za kununkhira kumene vinyo amakhala nako akakhwima. *Potpourri* ndi maluwa ndi masamba ouma oikidwa m'mbale kuti anunkhiritse chipinda, koma mawu ake enieni ndi mphika wovunda, pakuti Afalansa adamasulira dzina la chakudya cha ku Spain chosakaniza nyama ndi masamba, *olla podrida*. Mbali yachiwiri ya liwuli ndi mbale wa *putrid*, amene tamufotokoza kale.

Kodi n'zoona kuti Chingerezi ndi chosauka pofotokoza fungo, ngakhale chili ndi mawu onsewa?

Mwa njira ina ndi zoona. Mawu ambiri amene taona amangouza womva ngati fungo ndi labwino kapena loipa, lamphamvu kapena lopepuka, koma sanena mtundu wake monga momwe mawu a mitundu amasiyanitsira chofiira ndi chobiriwira. Mngerezi akafuna kulongosola amatchula gwero, nati fungo la utsi, la mandimu, la nsomba, ndipo ifenso timatero. Mu 2014 Asifa Majid ndi Niclas Burenhult adafalitsa kafukufuku woyerekeza olankhula Chingerezi ndi anthu a mtundu wa Jahai, alenje a m'nkhalango za kumalire a Malaysia ndi Thailand. Adapeza kuti a Jahai ali ndi mawu pafupifupi khumi ndi awiri a mitundu ya fungo osadalira gwero, ndipo ankatchula fungo mosavuta ndiponso mogwirizana monga momwe ankatchulira mitundu ngati chofiira ndi chobiriwira, pamene olankhula Chingerezi ankazungulira ndi kusiyana mayankho. Liwu lawo lina limanena za fungo la magazi limene amati limakoka akambuku. Zimenezi zikusonyeza kuti vuto silili m'mphuno ya munthu, koma m'zimene anthu a dera lina adaona kuti n'zofunika kuzipatsa dzina.

Kodi pali liwu la Chingerezi la fungo la mvula yoyamba?

Lilipo, ndipo ndi *petrichor*. Ili ndi limodzi mwa mawu ochepa amene tikudziwa eni ake ndi chaka chake: Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, asayansi a bungwe la CSIRO ku Australia, adalipanga mu 1964 m'nkhani imene adalemba m'magazini ya Nature. Adaphatikiza mawu awiri a Chigiriki, la mwala ndi *ichor*, madzi amene m'nthano za Agiriki ankayenda m'mitsempha ya milungu m'malo mwa magazi. Iwo adasonyeza kuti m'nyengo yachilimwe mafuta ochokera ku zomera amalowerera m'dothi ndi m'miyala, ndipo mvula ikagwa amatuluka nkukwera mumpweya.

Mbali ina ya fungoli imachokera ku *geosmin*, dzina lophatikiza liwu la Chigiriki la nthaka ndi *osme* uja tidakumana naye m'yankho la *odour*. Amapangidwa ndi mabakiteriya a m'dothi a mtundu wa Streptomyces, ndipo mphuno ya munthu imamumva ngakhale atachepetsetsa. Aliyense amene adaimapo pakhonde chizimalupsa chikugwa pa dothi lopsa ndi dzuwa la Okutobala amalidziwa fungo limeneli, ndipo *geosmin* yemweyo ndi amene amachititsa kuti mlamba wa m'dziwe losayenda madzi umveke matope mkamwa ngakhale utatsukidwa ndi kuphikidwa bwino.